Uthenga wa Maliro Umene Ndinaunena Kawiri

Khalani pansi ndithu, amayi anzanga, manjawo muyambe mwasunga. Mukamva kumene ndachokera mwina ena simudzafunanso kuomba. Ine ndine Nandau, uja wa ku lamya pa boma. Ambiri mumandidziwa mawu okha, nkhope mukuiona lero. Amene munatchayapo lamya kupita ku Kabula kapena ku Lilongwe, mawu aja amafunsa kuti "Mukufuna kulankhula ndi kuti, bambo?" ndi anga. Koma achikulire muli kumbuyoko mukudziwanso zina. Mukudziwa kuti Nandau yemweyu anagonapo m'ngalande ku Nsipe dzuwa lili paliwombo, ntchentche zili mbwee kukamwa. Musaweramitse mitu, mwini wakene sindikuchita manyazi. Ndaimirira kuti ndinene zomwezo, chifukwa ndikudziwa kuti muno muli wina amene wabisa kabotolo m'dengu la ufa.

Ndinabadwira kumtunda, kufupi ndi Nzama, kwa anthu olima chimanga ndi kachewere. Asisitere anandiphunzitsa kulemba ndi Chingerezi chokwanira kulonjera mzungu osanjenjemera. Ndinakwatiwa monga aliyense, mwamuna n'kupita ku Halale, n'kutchona, kundisiya ndi mwana wamkazi kumsana. Ndiye kutamveka kuti ku ofesi ya lamya akufuna munthu wodziwa zilankhulo ziwiri, ndinapita. Amuna amene anali pa mzere anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Anati, "Mayi, kuchipatala ndi uko." Koma bambo Mbewe, amene anali mkulu wa ofesiyo, atamva mmene ndinkatchulira manambala, anatenga ine.

Atsikana inu simunalowemo m'chipinda chimenecho, ndiye ndikufotokozereni. Muli thabwa lalikulu loimirira, timalitcha bolodi, lodzaza ndi timabowo ndi tizitseko tating'ono. Munthu akapukusa lamya yake kumene aliko, kachitseko kake kamagwa kuti gwa! Iwe wavala zomvera m'makutu, umatenga chingwe, kulowetsa m'bowo lake, kumufunsa amene akumufuna, n'kutenga mutu wina wa chingwecho kulowetsa m'bowo la mnzakeyo. Basi, anthu awiri otalikirana ulendo wa masiku akulankhulana chifukwa cha manja ako. Ndinaikonda ntchito imeneyo, amayi. Ndinaikonda kuposa mmene ndinamukondera mwamuna uja. Koma ili ndi vuto limodzi: zonse zimene anthu akulankhula zimadutsa m'makutu mwako. N'chifukwa chake tsiku loyamba bambo Mbewe anandilumbiritsa, n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, muno timagwiritsa makutu ndi manja. Zimene mwamva muno zimatsala muno."

Cholemera kwambiri anali matelegalamu ochokera ku migodi. Ankatiwerengera pa lamya kuchokera ku Kabula, ine n'kumalemba. Uje wavulala. Uje wamwalira. Mayina a anthu amene ndinkawadziwa, ena ndinasewera nawo. Tsono inu mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Uthenga wa maliro sitiuzira munthu panjira, ndipo sitiyambira kwa mkazi wake. Umapita kwa mwini mbumba, iye aitane amayi achikulire, amukhazike mnzathuyo pa mphasa, wina uku wina uku, kenako amuuze pang'onopang'ono ali m'manja mwa anthu. Ndiye mesenjala wathu amayenda ndi njinga kukafuna amalume a malemu, nthawi zina tsiku n'kudutsa, ine ndili ndi imfa ya munthu m'mimba. Ndinkakumana ndi mkazi wake pa msika akusankha tomato, n'kumulonjera ndikumwetulira.

Ndisaname kuti ndinayamba mowa chifukwa cha chisoni chokha. Ayi. Mutu unakulanso. Ndinagula nsapato, ndinagula njinga, mkazi kupalasa njinga masiku amenewo! Loweruka ndikaweruka ndinkatsetsereka kupita ku Nsipe kwa Nasoko, mayi wina wofulula masese okoma. Ndikangotsika ndimve, "A lamya afika! Apatseni chipanda atitsine khutu!" Ndipo ndinkawatsina. Poyamba zinali zing'onozing'ono. Kalaliki wakuti akumusamutsa. Mmwenye wa sitolo waitanitsa nsalu zatsopano. Mwamuna wa uje akubwera kuchokera ku Joni, akasese m'nyumba ndipo mlendo amene amagonamo uja ayambe kulongedza. Anthu kuseka, chipanda china n'kubwera. Ndinkadzimva ngati mfumukazi.

Masese anachepa mphamvu, ndinasamukira ku kachasu. Loweruka linasanduka tsiku lililonse. Kabotolo kanalowa m'chikwama, ndinkatafuna masamba a mandimu kuti fungo lisamveke. Manja anayamba kusokoneza zingwe. Tsiku lina ndinalumikiza dokotala ndi munthu wogula zikopa, anakalipirana kwa kanthawi aliyense akuyesa mnzake wapenga. Bambo Mbewe anandichenjeza mwaulemu, anandichenjezanso mokalipa. Ine ndinkati mumtima, achotse ndani, bolodi ili ndi langa.

Tsono linafika Loweruka lija. M'mawa kachitseko ka Kabula kanagwa. Ndinalemba: Yosefe wamwalira, mwala wamugwera mu mgodi. Yosefe anali mwamuna wa Nachisale, mnzanga amene tinkakhala benchi limodzi ku sukulu ndi ku kwaya. Mesenjala ananyamuka kupita ku Kasinje kukafuna amalume a malemu. Ine ndikanangopita kunyumba n'kutseka chitseko. Koma ku Nsipe kunali ukwati, ndipo mowa unali wa ulere.

Pamene ndinkafika pa bwalo ndinali nditaledzera kale thapsa. Ng'oma zili m'kati, amayi akuvina, pakati pawo pali Nachisale atavala nsalu yatsopano imene mwamuna wake anamutumizira. Atandiona anabwera akuvina, akuseka, n'kundikoka dzanja.

"Iwe wa lamya, tandiuza, bambo a Mariya akubwera liti? Nsalu yafika, mwini wake ali kuti?"

Anthu anaseka, maso onse kwa ine, monga ndinazolowera. Ndipo ine, pakamwa panga pano, ndinakuwa kuti onse amve:

"Akubwera ndani? Vula nsaluyo, mwamuna wako mwala wamuphwanya ku Joni!"

Ng'oma zinaleka. Pabwalo panangoti zii. Nachisale anandiyang'ana akumwetulirabe, kudikira kuti ndinene kuti ndikucheza. Ataona nkhope yanga anagwa chagada pa fumbi, popanda womugwira, mkwatibwi akuona, ana akuona. Ukwati wa eni ake unathera pomwepo.

Lolemba bambo Mbewe sanakalipe. Anangotambasula dzanja, ine n'kuvula zomvera zija kuwapatsa. Anati, "Pitani, Nandau. Anthu sangalankhulenso pa waya mukakhala inu kumbuyo kwake."

Kuchokera apo ndinatsetsereka ngati mwala wa paphiri. Njinga ndinamwera, nsapato ndinamwera. Amayi anga anabwera kudzatenga mwana wanga Rozina, ndipo sindinawaletse, ndinalibe nkhope. Ndikafika pa chitsime amayi onse amatseka pakamwa mpaka nditachoka. Kutchalitchi benchi limene ndakhala linkatsala langa ndekha. Ana ankanditcha kadzidzi. Kwa Nasoko komwe, anthu amene ankandigulira mowa aja anayamba kundikhalira kutali, poti ndinalibenso nkhani yowapatsa. Ndinkatsuka mbiya kuti andipatse zotsalira. Apo ndi pamene munkandiona m'ngalande paja. Ndinkafuna kufa, koma ndinkaopa kuti uthenga wanga sipadzapezeka woulira.

Tsiku lina masana, miyezi itapita, maliro a Yosefe atameta kale, ndinali gone kuseri kwa nyumba ya Nasoko pafupi ndi dzala. Ndinamva munthu waima pamutu panga. Kutsegula maso, ndione mapazi, ndione nsalu yakuda. Anali Nachisale. Ndinabisa nkhope m'manja kudikira mpama, ndipo ndikanaulandira mokondwa.

"Anandau, dzukani mukhale tsonga," anatero. Kale tinkaitanana iwe iwe, koma tsiku limenelo anandipatsa ulemu umene unandipweteka kuposa ndodo.

Ndinadzuka. Iye anakhala pansi pomwepo, pa phulusa, moyang'anana nane.

"Sindinabwere kudzakutukwanani. Ndikanafuna ndikanachita kale. Ndabwera ndi pempho."

"Kwa ine, mayi? Ine ndili ndi chiyani?"

"Tamverani. Anthu analira, bokosi la zovala za amuna anga linafika, tsitsi anandimeta. Koma mpaka lero palibe munthu amene anandiuza kuti bambo a Mariya amwalira. Amalume awo pofika anandipeza ndikudzigubuduza kale, akanatinso chiyani? Anzanga onse amuna awo akafa amawakhazika pa mphasa, amawagwira mapewa. Ine ndinamvera pa bwalo la gule, anthu akuseka. Ndikatseka maso kuti ndione nkhope ya mwamuna wanga, ndimaona pakamwa panu. Ndatopa nazo. Ndikufuna mubwere kwathu mudzandiuze bwino."

Ndinapukusa mutu. Ndinati, "Mayi, tumani wina. Tumani amalume, tumani akulu a mpingo. Ine ndine nyansi."

"Munamva poyamba ndinu, munawononga ndinu. Wina akonza bwanji? Koma mubwere m'kamwa mopanda fungo. Mukabwera mutalawa ngakhale pang'ono ndidzakubwezani."

"Ndibwere liti?"

"Tsiku limene miyendo yanu idzayende yosapepesuka. Ine ndilipo, ndilibe kopita."

Anaimirira, anasasa phulusa pa nsalu yake, n'kumapita osacheuka.

Amayi anzanga, ansembe anali atandilalikira, amayi anga anali atandilirira, koma zonsezo zinkangodutsa. Aliyense ankandiuza chimene ndiyenera kusiya. Mayi ameneyu yekha anandipatsa ntchito yoti ndigwire, ntchito imene panalibe wina padziko akanaigwira. Kwa nthawi yoyamba chichotsedwere ku ofesi, munthu ankandidikira.

Ndinapita kwa amalume anga a Fulatira, ndinagwada, ndinawauza zonse. Atamva zonsezo anati, "Ulowe m'nyumba ya azakhali akowo, usatulukemo mpaka ndinene ine." Musamve wina akunena kuti kusiya kachasu ndi nkhani ya kungoganiza. Thupi linkanjenjemera ngati la malungo, thukuta kuchita kunyowetsa mphasa, phala ndikamwa kubwerera. Ndinkaona tizilombo tikuyenda pakhoma pomwe panalibe kanthu. Azakhali aja, akazi a amalume, ankandigwira mutu, kundimwetsa thobwa lozizira ndi supuni ngati khanda.

Nditapeza bwino ndinanyamuka ndekha kupita kwa Nachisale, ndili ndi matama akuti ndachira. Njira inadzera pa msika wa Nsipe. Mphepo inabweretsa fungo la masese, ndipo miyendo inakhota yokha. Ndinabwerera kwa amalume madzulo ndikukwawa. Ndikunena izi dala, kuti amene wayesa n'kugwa asati zatha. Amalume sanandimenye. Anangoti, "Walakwa kuyenda wekha, ndiponso walakwa njira. Tiyambirenso."

Ulendo wachiwiri anatsogola iwo, tinadzera m'minda, kulambalala msika kutali. Anali atatumiza kale mawu, ndiye tinapeza amayi achikulire atakhala pakhonde, mphasa yoyala. Nachisale anali ku dimba. Anatuma munthu kukamuitana monga mmene zikanakhalira tsiku loyamba lija. Anabwera, anatsamiritsa khasu, anasamba m'manja, n'kukhala pa mphasa atatambalala. Agogo awiri anamukhalira m'mbali, wina n'kumuika dzanja pamsana.

Amalume anaomba m'manja, anati, "Zikomo eni mudzi. Tabwera ndi mawu. Mwana uyu ndi amene ali nawo."

Ndinayenda chogwada mpaka pafupi ndi mapazi ake. Ndinayang'ana pansi, ndinapempha Mulungu kuti andibwereke mawu, kenako ndinayamba.

"Mayi, ndachokera ku lamya. Kwabwera uthenga wochokera ku Joni. Bambo a Mariya anavulala pa ntchito, mwala unawagwera. Anzawo anayesetsa, koma zinakanika. Limbani mtima, mayi. Bambo a Mariya atisiya."

Zonsezi ankazidziwa kale, amayi. Koma anapuma mpweya waukulu ngati akumva koyamba, anatsamira pa chifuwa cha agogo aja, n'kuyamba kulira. Sikunali kukuwa kwa pa ukwati kuja. Kunali kulira kofatsa, kotchula dzina la mwamuna wake, amayi onse n'kumulandiza. Nanenso ndinalira, mphumi ili pa dothi. Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji.

Atatonthola anapukuta maso, analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikho cha madzi. Anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Imwa, Nandau, wayenda mtunda wautali. Zikomo pondiuza."

Ndinamwa madziwo mpaka kugugudiza. Chichokereni tsiku limenelo pakamwa panga sipanadutsenso mowa, ngakhale wa pa maliro, ngakhale wa pa ukwati wa m'bale wanga yemwe.

Tsono wina afunsa, munakhalitsa bwanji? Sizinali zozizwitsa, zinali zinthu wamba. Njira ya pa msika ija ndinaisiyiratu, mvula idagwa n'kukata ndisanapondemo. Sindinkalola manja kukhala chabe. Ndinabwerera kumtunda kukalima kachewere ndi amayi anga, kutuluka m'mawa, kubwera thupi litatopa loti silingapemphe china koma tulo. Ludzu lija likabwera, chifukwa limabwera ndithu mpaka lero, sindinkalimbana nalo ndekha, ndinkapita kukakhala pakati pa anthu n'kunena poyera kuti lero zandivuta. Ndinakalapa kwa bambo mfumu kutchalitchi. Ndinapitanso kwa eni ukwati uja ndi nkhuku kukapepesa, ndipo mayi wa mkwatibwi anandinena mpaka malovu kuuma, ine ndili chete, poti ankanena zoona. Rozina anayamba kubwera kudzakhala pamiyendo panga osaopa.

Koma mtima wanga unali ku bolodi. Ndinavala nsalu yochapa, ndinapita kwa bambo Mbewe wapansi, wopanda nsapato. Anandikana. Ndinapitanso, anandikananso. Ulendo wina ndinati, "Bambo, sindikupempha mpando. Ndipatseni tsache." Anaseka pang'ono, n'kundipatsa. Ine amene ndinkalumikiza Zomba ndi Lilongwe ndinayamba kusesa ofesi, kupukuta bolodi, kuthira madzi m'mabatire. Ndinkasesa pansi pa mpando wanga womwe, pali mnyamata wina atakhalapo. Zinkawawa, koma ndinkafika woyamba tsiku lililonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalonjera bambo Mbewe chapafupi dala kuti amve okha mpweya wanga.

Anandiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Kenako wogwira pa bolodi uja anamusamutsira ku Dedza, ndipo bambo Mbewe analembera akuluakulu kundipemphera mpandowo, kuika dzina lawo lomwe pa chiswe chifukwa cha ine. Tsiku limene anandibwezera zomvera zija ndinazilandira ndi manja awiri, n'kukhala pa mpando wanga uja.

Musaganize kuti anthu anandilandira ndi nthungululu. Kachitseko kagwa, ine, "Mukufuna kulankhula ndi kuti?" Munthu akangomva mawu anga, lamya pansi, khoo! Ena ankayamba kulankhula mophiphiritsa, ena ankakwera basi kupita ku Balaka kukanena nkhani yoti akanainena ali pompano. Zinkandilasa mumtima. Ntchito ndinali nayo, koma chimene ndinataya chenicheni chinali chisanabwerere. Anzanga akale a kwa Nasoko ankandiyesa panjira: "Anandau, tatiuzaniko pang'ono, kuli zotani pa waya?" Ine ndimvekere, "Kuli mbalame zatera pamenepo, kaoneni." Mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, palibe mawu amodzi amene anatuluka. Amayi anga enieni anandinyanyalira chifukwa sindinawauze kuti mlongo wanga akubwera kuchokera ku migodi, anangomuona watulukira ndi bokosi pamutu.

Lero ndine wamkulu wa chipinda chimenecho. Atsikana amene mukuwamva pa lamya masiku ano ndawaphunzitsa ine, ndipo aliyense tsiku lake loyamba ndimamuuza nkhani yomwe ndakuuzaniyi, yonse, osachotsapo ngalande. Uthenga wa maliro ukafika sindilola mesenjala kunyamuka asanandiuze dzina la mwini mbumba amene akukamufuna. Rozina ali ku sukulu ya aphunzitsi. Nachisale ndi uyo wakhala apoyo wavala duku loyera, tinabwera limodzi, ndipo andilola kuti ndinene zonsezi.

Koma tsiku limene ndinadziwa kuti ndadzukadi ndi ili. Kunabwera mayi wina wa ku Kasinje, wachikulire ndithu, maso ofiira, woti sanagwirepo lamya chibadwire. Ankafuna kulankhula ndi mwana wake ku Limbe. Bambo Mbewe anamuonetsa pogwira ndi polankhulira. Chitseko cha chipinda changa chinali chotsegula pang'ono, ndiye ndinkamva. Mayiyo anafunsa monong'ona:

"Bambo, nkhani yanga ndi ya m'nyumba, yochititsa manyazi. Akuti pa waya pamakhala munthu wina womvera. Lero pali ndani?"

Bambo Mbewe anazengereza, kenako anati, "Pali Nandau, mayi."

Ndinadikira kumva mapazi akutuluka.

"Nandau uja wa ku Nzama?" anatero mayiyo. "Aa, ndiye palibe kanthu. Ameneyo ngakhale mutamutsekera m'ndende sanganene. Ndipatseni ndilankhule."

Amayi anzanga, ndinalowetsa chingwe m'bowo misozi ikugwera pa bolodi, koma mawu anga anatuluka bwinobwino: "Limbe, lankhulani." Mayi uja analankhula nthawi yaitali, anakhuthula zonse za kumtima kwake, ndipo ine ndinamva mawu aliwonse. Inali nkhani yoti mutaimva muno simungagone.

Ndikuona ena mwasendera kutsogolo, makutu mwatchera. Bwererani m'malo mwanu, amayi. Sindikuuzani.